Chitsononkho cha Amalume

Ndinadzuka kusanache, tambala asanalire kachiwiri. Sichinali chisoni chimene chinandidzutsa, kunali kuzizira. Ndinagona m'galimoto ya amalume, pampando wa kutsogolo, mawondo ali pachifuwa, chifukwa m'nyumba munali azimayi ndi maliro, ndipo pamoto wa panja panali abambo amene aliyense ankafuna kudziwa chinthu chimodzi: sukulu ndinasiyiranji. Ndinayankha atatu. Wachinayi atangoyamba ndinanyamuka n'kukadzitsekera m'galimoto.

Unali mwezi wa Juni, ndipo amene anakhalako kuno ku Lifidzi akudziwa mmene kumachera. Magalasi anali atachita mame mkati ndi kunja komwe. Nditapukuta ndi mkono wa jekete ndinaona bwalo lonse lili mu nkhungu, moto ukuoneka malo atatu. A kwaya anali akuimbabe m'nyumba ya siwa, koma mawu anali atatha, nyimbo ikungokwawa. Abambo ena anagona chokhala, zipewa zili kumaso. Kuseri kwa khitchini azimayi anali atayamba kale kusonkha moto wophikira. Anakumba ngalande yaitali n'kundandalikapo migolo yodula pakati, ina ya nyemba, ina ya kabichi. Utsi sunkakwera kumwamba, unkangoyenda pansi.

Amalume anali mlongo wa mayi anga. Mayi atamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndi iwo amene ananditenga. Sukulu ndinasiyira desima, kalasi ya khumi, ku Ulongwe. Ndinalephera kawiri, kachitatu ndinakana kukakhala benchi limodzi ndi ana amene ndinawaona ali kumbuyo kwa amayi awo. Anthu analankhula zambiri, ndipo akulankhulabe. Amalume sanalankhule. Anandipatsa sipanala n'kundilozera pansi pa galimoto.

Galimotoyo ndi pikapu yoyera, yakale kuposa ine. Inkanyamula kachewere ndi nyemba kupita ku Ulongwe ndi ku Kalomwe. Kaphunzitsidwe ka amalume kankandikwiyitsa tsiku ndi tsiku. Sankafotokoza kanthu. Ukafunsa, ankangoti, “Mvetsera.” Ukafunsanso, ankati, “Yambira pachapafupi.” Kenako ankakhala pa tayala lakale n'kumakuonera ukuvutika. Ali m'chipatala ku Ulongwe, shuga atawafooketsa, ananena pamaso pa anthu kuti akafa akawaike kumanda kumene kuli amayi awo, kuseri kwa phiri, ndipo akapite pa galimoto yawo, woyendetsa ndikhale ine. Ndiye ntchito yanga tsiku limenelo inali imodzi yokha, ndipo ndinkafuna ndiigwire mwakuti asapezeke woti anene kanthu.

Panali chinthu chimodzi pa galimotoyo chimene chinkandichititsa manyazi. Pakamwa pa thanki ya mafuta panalibe chivundikiro. Amalume ankatsekapo ndi chitsononkho cha chimanga chokulunga kansanza. Chinali chitada bii ndi mafuta ndi manja awo. Anyamata a mashapa, maminibasi a ku Ulongwe, ankandiseka nacho, ati ndimayendetsa nkhokwe. Zaka ziwiri zapitazo ndinapeza chivundikiro chenicheni kwa ogulitsa zitsulo zakale, cha mphira wake wabwinobwino, chokwana ndendende. Amalume anachitembenuza m'manja, anachiponya m'kabokosi ka kutsogolo, n'kunena kuti, “Chitsononkho chisiye. Chili ndi ntchito yake.” Ntchito yanji, sananene. Ine ndinati ndi makani a ukalamba.

M'mawa umenewo ndinatsika m'galimoto, ndinatenga zigubu ziwiri za gazolina zimene msuweni wanga, mwana wa amalume wogwira ntchito mu ofesi ku Tete, anabwera nazo dzulo lake. Ndinathira mpaka mafuta anaonekera pakhosi pa thanki. Kenako ndinachiyang'ana chitsononkho chija. Kunali kubwera anthu a ku Tete, a ku Dedza, aphunzitsi, akuluakulu a mpingo. Ndinachiponya cha kunkhokwe, ndinatenga chivundikiro chija n'kuchimanga zolimba mpaka chinalira. Ndinachipukuta ndi malaya. Chinkawala. Nthawi yomweyo azakhali, akazi a amalume, anatuluka m'nyumba atagwiridwa mkono ndi mayi wina, akupita kuseri. Anandiyang'ana, anayang'ana galimoto. Anadutsa cha kunkhokwe kuja.

Za azakhali ndiyenera kufotokoza, chifukwa popanda zimenezo nkhaniyi ndi ya galimoto chabe. Iwo ndi a ku Dedza. Anakumana ndi amalume nthawi ya nkhondo, anthu akwathu atathawira ku Malawi, ndipo nkhondo itatha anabwera nawo kuno. Alima nafe zaka zonsezi, aika nafe maliro, andilera ine. Koma kwa amayi aakulu, mkulu wawo wa mayi anga, iwo anali “mayi wa ku Dedza uja” basi. Chiyambire matenda, amayi aakulu ankanena kuti mlongo wawo anachedwetsedwa kupita kuchipatala, ndipo ankanena mwa njira yoti umve zambiri kuposa zimene anena. Nyumba ndi minda zili pa dothi la kwathu kuchikazi. Msuweni wanga alibepo mawu. Aliyense ankadziwa kuti maliro akatha abale adzakhala pansi kukamba ngati azakhali atsale kapena abwerere kwawo, kumene anachokako ali mtsikana.

Kutayera, adzukulu ananyamuka ndi makasu ndi mapiki kukakumba manda. Anthu anayamba kufika. Ena wapansi kudzera m'minda yokolola, ena panjinga, ena pa njinga zamoto atatuatatu. Lole ya mwini sitolo wina inatsitsa anthu a ku Ulongwe. Abale a azakhali anafika anayi okha, atadutsa pa malire a Kalomwe m'mamawa, nsapato zili matope. Azimayi ankayamba kulira akafika pa mtengo wa mapichesi wa pampata, n'kulowa m'nyumba akulira. Abambo ankavula zipewa, kugwada pang'ono kwa akuluakulu, n'kukasaka dzuwa. Dzuwalo kunalibe. Nkhungu inakwera pang'ono n'kusanduka kamvula kowaza, kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa.

Anthu anali ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Ena sindinawaonepo. Gogo wina anandigwira dzanja n'kundiuza kuti amalume anamunyamulapo ndi mwana wodwala usiku wa mvula. Bambo wina anati anamukonzera chigayo. Ine ndinkawadziwa amalume ngati munthu wosayankha mafunso. Zinandisangalatsa kumva zimenezo, ngakhale sindinaonetse.

Galimoto ndinailiza nthawi ili yambiri kuti itenthe. Inalira kamodzi n'kamodzi. Atsikana a kwaya anamanga nthambi za mkungudza ndi maluwa m'mbali mwake, anayala mphasa kumbuyo. Akatekista anatsogolera mapemphero pabwalo, osatalikitsa chifukwa cha kamvula. Anthu anaona nkhope. Bokosi linatsekedwa, linatuluka, ndipo kulira kumene kunamveka pamenepo sindikufuna kukulemba. Analikweza kumbuyo. Azakhali anakhala chakumutu, amayi aakulu chakumiyendo, azimayi ena anayi m'mbali. Kutsogolo ndinakhala ndi akatekista ndi msuweni wanga, amene anavala suti yakuda ndi nsapato zosayenera msewu wathu.

“A mekaniko, tikafika koma?” anandifunsa chonong'ona.

“A sinyoro a mu ofesi, khalani chete. Mukakhala ndi mantha tsikani muyende.”

Tinanyamuka pang'onopang'ono, mtanda uli patsogolo, a kwaya pambuyo pa galimoto, khamu pambuyo pawo. Ndinkayenda pa giya yoyamba, liwiro la munthu woyenda pansi. Pagalasi ndinkaona maambulera ndi zitenje zofunda kumutu mpaka kumene msewu unakhotera. Anthu okolola m'minda ankasiya ntchito n'kukhala pansi mpaka titadutsa. Tinawoloka kamlatho, tinadutsa pa sukulu, tinadutsa madimba. Galimoto inkayenda bwino kwambiri moti ndinayamba kudzimva.

Tinali titayenda nthawi yaitali ndithu pamene tinayamba chitunda cha paphiri. Pakati pa chitunda ndinamva galimoto ikulemera. Ndinaponda moto, sinayankhe. Inakhala ngati ikuganiza, inakoka pang'ono, inafookanso. Ndinapondanso. Inatsokomola kawiri, inanjenjemera, n'kuzima. Ndinaponda buleki, ndinakoka ya pamanja, ndinakuwa kuti aike miyala kumatayala. Nyimbo inapitirira mzere umodzi, kenako inaduka.

Ndinapotokola kiyi. Injini inatembenuka mwamphamvu koma sinagwire. Ndinayesanso. Chimodzimodzi. Kachitatu ndinasiya, kuopa kumaliza bateriya.

Kwathu kuno galimoto yonyamula maliro ikafa panjira, sikhala nkhani ya galimoto. Amati maliro akukana. Ndipo maliro sakana popanda chifukwa, pamakhala munthu amene akumukana. Ndisanatsegule n'komwe chitseko mawuwo ndinawamva akuyenda kumbuyo, kuchoka pakamwa pena kupita pena. Nditatsika ndinaona kumene maso onse analoza. Azakhali anali atawerama, dzanja lili pa bokosi. Abale awo anayi anali atasendera pafupi ndi galimoto.

Nthawi yomweyo aliyense anasanduka mekaniko. Wina anati bateriya. Wina anati yatentha. Mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene sanayendetsepo ngakhale ngolo, anati tikankhe. Ndinamuuza kuti kukankha kumathandiza galimoto imene ikulephera kutembenuza injini, pamene iyi ikutembenuza bwinobwino, ndiye tikankha mpaka ku Tete osalira. Ndinalankhula mokweza kuposa mmene munthu amalankhulira kwa mkulu. Akatekista anandigwira paphewa. Ena anati tingonyamula pamapewa, patsala pang'ono. Zinali zotheka. Koma ndinadziwa kuti bokosi likatsika pa galimoto imeneyo, nkhani yatha: malemu anakana galimoto yawo yomwe chifukwa cha amene anakhala chakumutu. Zikanakambidwa pa bwalo la abale, ndipo palibe sipanala imene ikanazimasula.

Ndinapempha akatekista kuti andipatse kanthawi. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana ine, n'kuuza a kwaya kuti ayambe korona.

Ndinatsegula kutsogolo. Galimoto ya gazolina imafuna zinthu zochepa kuti ilire: moto, mafuta ndi mpweya. Ikafa, chimodzi mwa zimenezi sichikufika. Ndinayambira pachapafupi. Mawaya a pa bateriya anali olimba, opanda dzimbiri. Madzi a mu injini analimo, ndipo sinatenthe mopitirira. Ndinaganiza za chinyezi, chifukwa kamvula kotere kamalowa m'mawaya. Ndinazula waya umodzi wa pa vela, timene timayatsa mafuta mu injini, ndinaugwira ndi kansanza pafupi ndi chitsulo, n'kuuza msuweni wanga kuti apotokole kiyi. Kamoto kabuluu kanadumpha, thethethe. Moto ulipo. Ndinavundukula sefa ya mpweya. Inali yafumbi monga mwa masiku onse, koma yosatsekeka.

Kunatsala mafuta. Sefa ya mafuta ya galimoto imeneyi ndi kabotolo koonekera mkati. Ndinakapukuta ndi chala. Munali mouma.

“Gazolina uja munagula kuti?” ndinafunsa msuweni wanga. “Wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu?”

“Pa bomba, pomwetsera mafuta penipeni, iwe. Usandiikire ine.”

Ankanena zoona, ndipo ngakhale akanakhala wosakaniza ndi madzi, m'kabotolomo mukanaoneka kanthu. Munalibe chilichonse. Thanki yodzaza mpaka pakhosi, koma kutsogolo sikukufika dontho. Ndinaganiza za pampu imene imakoka mafuta. Pampu ikafa pa phiri ngati limenelo, palibe chochita, ina ili ku Ulongwe. Ndinazula paipi yotuluka mu pampu, msuweni anapotokolanso kiyi. Panatuluka thovu pang'ono basi.

Ndili chiweramire choncho, ndinamva mawu a amayi aakulu akudutsa pamwamba pa korona. Anali atagwada m'galimoto, akulankhula ndi bokosi, monga amachitira akuluakulu maliro akavuta.

“Achimwene, taonani anthu akunyowa. Ngati pali chimene chakukhumudwitsani, ife sitikuchidziwa. Ngati pali munthu amene simukufuna kuti akuperekezeni, tionetseni, atsike, inu mupite bwino.”

Sanatchule dzina. Sipankafunika dzina. Korona inazilala. Mayi wina amene anakhala pafupi ndi azakhali anasendera kumbali pang'ono, pang'ono kwambiri, koma tonse tinaona. Azakhali anayamba kukonza chitenje ngati munthu amene akufuna kuimirira. Ndinadziwa kuti akatsika, ndiyeno galimoto n'kulira pa chifukwa china chilichonse, ndiye kuti aweruzidwa.

“Azakhali, khalani pomwepo,” ndinatero. “Asatsike munthu. Mundisokonezera kulemera kwa galimoto.”

Linali bodza lopanda mutu, koma palibe amene ankadziwa zokwanira kuti anditsutse. Anakhalanso pansi.

Ndisanaiweruze pampu ndinafuna kudziwa ngati mafuta akubwera kuchokera kumbuyo. Ndinazula paipi yochokera ku thanki, ndinaiika pakamwa n'kuyamwa. Gazolina ndamumwapo kambirimbiri pa ntchito imeneyi, ndipo ndinali wokonzeka kulavula. Sanabwere. M'malo mwake paipiyo inandigwira lilime, ngati kuti kumbuyoko kuli wina amene akuyamwanso. Ndinaichotsa, ndinaibwezera pamalo pake. Ndinaganiza kuti mwina zinyalala zatseka pansi pa thanki. Ndinathyola kamtengo m'mbali mwa msewu kuti ndipime, ndinazungulira kumbuyo, pafupi penipeni ndi pamene panakhala azimayi, n'kugwira chivundikiro changa chonyezimira chija.

Chinakana kutseguka. Ndinagwira ndi manja awiri. Chitangoti tembenu, panamveka mluzu wautali, fyuuu, mpweya ukuthamangira mkati, ndipo thanki inalira pansi pa galimoto, phu, ngati chitini chophwanyika chikuwongoka. Mayi wina anakuwa, “Mayo!” Awiri anadumpha kutsika. Amayi aakulu anachita chizindikiro cha mtanda.

Ine ndinangoima, chivundikiro chili m'manja. Zaka ziwiri za funso langa zinayankhidwa pamenepo, pamaso pa mudzi wonse. Mafuta akamatuluka mu thanki, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake. Ukapanda kulowa, thanki imayamba kukokera mkati, pampu imakokera kwake, mpaka pampu imagonja. Zili ngati kumwa m'botolo utatseka kukamwa konse ndi milomo. Chitsononkho chinkalowetsa mpweya m'timipata take. Chivundikiro changa, ndi mphira wake wabwino uja, sichinkalowetsa kanthu. Ndipo poti ndinadzaza mpaka pakhosi, mpweya unali wochepa kale, nkhani sinachedwe.

Ndikanatha kungokhala chete, kuliza galimoto, anthu n'kumaganiza zimene akufuna. Zinandidutsa m'mutu, sindinama. Ndine kale mnyamata amene analephera sukulu, sindinkafuna kukhalanso amene anaimitsa maliro a malume wake pa phiri. Koma amayi aakulu anali akuyang'anabe azakhali. Ndinakweza chivundikirocho m'mwamba.

“Amayi, wolakwa ndi uyu, ndipo anamuika ndine. Amalume ankatseka apa ndi chitsononkho. Anandiletsa kuchichotsa. Ine m'mawa uno ndachitaya, ndaika ichi kuti anthu asatiseke. Galimoto yabanika. Palibe china.”

Kenako kunamveka mawu kuchokera kumtunda. Anali mkulu wa adzukulu, amene anatsika kumanda kudzaona chimene chatichedwetsa, thupi lonse lili dothi lofiira. Adzukulu pamaliro amaloledwa kunena zimene ena sanganene.

“Ndiye mukuti sanakane? Akana ndithu! Munthu wayenda ndi chitsononkho chake zaka zonsezi, lero tsiku lake lalikulu mukumulanda? Ngakhale ine ndikanatsika n'kukhala pamsewu. M'patseni chake mdalayu tizipita, dzenje likudzaza madzi.”

Wina anaseka, anayesa kubisa, zinakanika. Kuseka kunayenda m'khamu monse mpaka kwa amene sanamve n'komwe. Akatekista anatsokomola n'kuyang'ana kumbali. Amayi aakulu sanaseke, koma anapukusa mutu n'kunena, osati kwa ine, kwa bokosi, “Inunso achimwene, makani mpaka lero.”

M'munda wa m'mbali mwa msewu munali mulu wa zitsononkho pamene eni ake ankatonolera chimanga. Anthu anandibweretsera zoposa khumi, aliyense akuti chake ndiye chokwana. Ndinasankha chimodzi, msuweni wanga anapereka kampango ka m'thumba la suti, ndinakulunga n'kutsekapo. Ndinamangitsa mapaipi onse, ndinathira gazolina pang'ono m'kabuleta, polowera mafuta mu injini, kuchokera m'kabotolo kamene amalume ankasunga kuseri kwa mpando. Kiyi woyamba inatsokomola. Wachiwiri inagwira n'kuzima. Ndinayang'ana kabotolo ka sefa, mafuta anali akukwera. Wachitatu inalira, ndipo inakhazikika. A kwaya sanadikire kuuzidwa. Anachotsa miyala, tinakwera phirilo pa giya yoyamba osatsokomola ngakhale kamodzi.

“A mekaniko,” anatero msuweni wanga titafika pamwamba. Ndinadikira chipongwe. Sanapitirize. Anali akulira, nkhope ili kuwindo.

Kumanda zonse zinayenda bwino. Kamvula kanasiya tikulowa m'mitengo. Dzenje linali lowongoka, pafupi ndi la agogo monga anafunira. Adzukulu anatsitsa bokosi ndi zingwe mosagwedeza. Akatekista anapemphera, anawaza madzi odalitsa. Olankhula anali atatu ndipo awiri anafupikitsa. Wachitatu, mnzawo wa amalume wa nthawi yothawa nkhondo, anati malemu anali munthu wosataya chinthu chimene chikugwira ntchito, anthu n'kuyang'ana ine, ena akumwetulira. Sizinandipweteke mmene ndinkayembekezera. Dothi linabwezedwa, mtanda unazikidwa. Poika nkhata, azakhali anaterereka pa dothi lonyowa, ndipo amene anawagwira mkono anali amayi aakulu. Mwina anali pafupi chabe. Ine ndikunena zimene ndinaona.

Pobwerera ndinanyamula okalamba ndi azimayi a ana, maulendo awiri. Kunyumba anthu anasamba m'manja pampata, anadya m'magulumagulu, nyemba zinakwanira onse. Dzuwa linatuluka pang'ono chakumadzulo, lopanda mphamvu. Lole ya ku Ulongwe inanyamuka. Abale a azakhali anatsanzika atatu kuti akapeze malire asanatseke, mmodzi anatsala. Aliyense wotsanzika ankadutsa pa galimoto kukaona chitsononkho chatsopano chili ndi kampango ka suti. Ndikudziwa kuti dzina la chitsononkho sindidzalichotsanso. Kuli bwino kusiyana ndi funso la sukulu.

Anthu atachepa ndinayala thumba pansi n'kulowa kunsi kwa galimoto. Ndinkafuna kuona ndi maso. Pamwamba pa thanki pali kapaipi kakang'ono kamene ntchito yake ndi kulowetsa mpweya. Ndinakapeza katatsekeka ndi dothi louma ngati mwala, ndipo chakumapeto kanali kophwanyika, mwina pa mwala wina wa msewu wa ku Kalomwe zaka zambiri zapitazo. Amalume ankadziwa. Kuti akakonze pankafunika kutsitsa thanki yonse, ndiye anangotola chitsononkho. Akanandiuza ndi mawu asanu. Ndinagona pansi pamenepo kanthawi, ndikuwakwiyira, kenako ndinapezeka ndikuseka ndekha.

Madzulo pakhomo panali bata. Migolo inali itatsukidwa n'kuvundikiridwa, ngalande yamoto ikufuka pang'ono. Mabenchi a kutchalitchi anawaunjika pakhonde. Nkhuku zinabwerera kudzatola zotsala. M'nyumba munatsala azimayi ochepa, atagona pamphasa ndi zovala zomwe anavala kumanda. Ndikudutsa pakhomo ndinamva amayi aakulu akulankhula ndi mawu otopa.

“Alamu, kudimba kuja chaka chino musabzalenso kabichi. Mubzale anyezi. Mbewu ndili nayo.”

Sindinawamvepo akuwatchula azakhali kuti alamu. Sindikunena kuti akondana, ndipo abale adzakhalabe pansi monga mwa mwambo. Koma munthu amene ukufuna kumuthamangitsa sumuuza zoti abzale.

Patapita kanthawi azakhali anatuluka n'kundipeza nditakhala pa tayala lakale la amalume. Anakhala pansi pafupi nane. Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo, pamene azimayi amamangapo zinthu zawo, n'kundiika kanthu m'manja. Chinali chitsononkho chakale chija, chakuda, kansanza kake kali pomwepo, chikununkha gazolina.

“Ndinachitola m'mawa,” anatero. “Chili ndi manja awo.”

“Munali nacho paphiri paja? Bwanji simunanditulutsire?”

Anandiyang'ana ngati ndine mwana.

“Ine ndimasule mfundo pafupi ndi bokosi, nditulutse chinthu chakuda cha malemu, galimoto ilire? Iwe, sukuluyo unasiyadi.”

Anaseka pang'ono, koyamba chiyambire matenda. Kenako anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ine ndinapita ku galimoto, ndinachotsa chatsopano chija, kampango ndinasungira mwini wake. Chakale chinalowa bwinobwino pamalo pake.